Kamakina kakuti shuga ali bwino, pepala la ku labu likukana

Munthu wodwala matenda a shuga kuno kwathu amayenda ndi manambala amitundu iwiri, akakhala ndi mwayi wowapeza onse. Oyamba ndi aja otuluka pa kamakina ka m'manja, munthu akadzibaya chala n'kudonthezera magazi pa sitiripi, kapepala koyezera kolowetsa m'kamakinako. Enawo amabwera pa pepala la ku labu, pamzere wolembedwa HbA1c, ndipo madokotala amati amaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera m'thupi miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Manambala awiriwa amayenera kuvomerezana, ndipo kwa anthu ambiri amavomerezanadi. Koma akasemphana, chimene ndaona m'banja mwathu komanso pa mabenchi a kiliniki ya shuga n'chakuti mlandu umagwera wodwalayo. Akuti akunama. Akuti akumwa Fanta mobisa. Akuti manambala a m'kabuku akungowapeka. Ine zimenezo ndikukana. Kusemphanako kumakhala ndi chifukwa chogwirika, ndipo kuno ku Mulanje zifukwazo n'zochuluka, poti magazi athu amakumana ndi malungo, likodzo, njoka za m'mimba ndi ma ARV. Tikathamangira kuweruza munthu, chifukwacho timachisiya osachifufuza, matenda n'kumapitirira kudya thupi.

Achemwali anga aakulu amagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu pa Chitakale: zinanazi, nthochi, mapeyala, mango ikafika nyengo yake. Anawapeza ndi shuga ali ndi zaka za m'ma 40, atayamba kuonda popanda chifukwa ndi kumadzukadzuka usiku kukataya madzi. Anawayambitsa metformin, kenako anawonjezera glibenclamide, mapiritsi amene aliyense wolandira mankhwala a shuga m'zipatala za boma amawadziwa. Pa kumvera malangizo, achemwali alibe mnzawo. Shuga wa mu tiyi anasiya tsiku lomwelo. Ufa woyera anausiya n'kuyamba mgaiwa, ana akudandaula. Abale tinasonkherana n'kuwagulira kamakina pa sitolo ina ya mankhwala ku Limbe, ndipo m'mawa, asanalawe kanthu, ankakhala pakhonde, kubaya chala, kulemba. Kope la ana asukulu analilemba mizere ndi rula: tsiku, nthawi, nambala. 112. 124. 108. 131. Malangizo amati shuga wa m'mawa munthu asanadye azikhala pakati pa 80 ndi 130, choncho aliyense woona kopelo ankawayamikira.

HbA1c si chinthu chimene munthu wakumudzi angachipeze pa chipatala chilichonse. Achemwali anakayezetsa ku labu ina yolipira ku Blantyre, alamu atawaperekeza, ndipo anapita ndi mtima wokatenga umboni wa khama lawo. Pepala linatuluka ndi 9.1 peresenti. Dokotala amene anawaona anatsegula kope lija, n'kuyang'ana pepala, n'kubwereranso ku kope.

"Mayi, apa zikuonetsa kuti shuga wanu akumakhala pamwamba pa 200. Manambala a m'kabukuwa mukumawatenga kuti?"

Mu minibasi pobwerera, asanafike n'komwe pa Nkando, alamu anafunsa lawo funso: "Kodi kumsika kuja mumadya chiyani ine kulibe?" Achemwali anafika kunyumba osayankhula ndi munthu. Madzulo ake anandiitana, kope lili pamiyendo, n'kunena kuti, "Iwe, ngati zonsezi n'zachabe, ndingosiya kudzibayaku. Zala zandipweteka pachabe."

Mawu amenewo ndi amene anandiyambitsa kuwerenga ndi kufunsa aliyense wa zachipatala amene ndimadziwana naye.

Pepala lija siliyeza shuga woyandama m'magazi monga kachitira kamakina. M'maselo ofiira muli himogulobini, chinthu chimene chimafiiritsa magazi ndi kunyamula mpweya kuchoka m'mapapo kupita m'thupi monse. Shuga akamazungulira m'magazi, wina amakakamira pa himogulobiniyo, ndipo akakakamira sachokanso mpaka selolo litafa. Shuga akachuluka, wokakamirayo amachulukanso. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, ndiye a ku labu akawerenga kuchuluka kwa himogulobini amene wamatidwa ndi shuga, amapeza chithunzithunzi cha miyezi yapitayo, ngakhale kuti mwezi womaliza ndi umene umaonekera kwambiri, pafupifupi theka la nambala yonseyo. Dokotala wa ku Iran, Samuel Rahbar, ndi amene anaona mu 1968 kuti himogulobini wotereyu amachuluka mwa odwala shuga. Mu 2011 bungwe la WHO linavomereza kuti 6.5 peresenti kapena kuposa apo ingagwiritsidwe ntchito pomupeza munthu ndi matendawa, ndipo akuluakulu ambiri amene ali kale pa mankhwala amalangizidwa kukhala pansi pa 7. Mayeso amenewa ndimawalemekeza. Kafukufuku wamkulu wa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, ndi wa UKPDS wa ku Britain mu 1998, anaonetsa poyera kuti HbA1c ikatsika, kuwonongeka kwa maso, impso ndi mitsempha kumachepanso.

Dokotala uja sanalakwitsenso masamu. Mu 2008 kunatuluka kafukufuku amene anapereka njira yosinthira HbA1c kukhala nambala yofanana ndi ya pa kamakina: chulukitsani ndi 28.7, kenako chotsani 46.7. HbA1c ya 7 imapereka 154, ya 8 imapereka 183, ndipo 9.1 ya achemwali imafika pa 214. Koma pali zinthu ziwiri za kafukufuku yemweyo zimene sizimafika pa tebulo la dokotala wotanganidwa. Choyamba, anthu amene HbA1c yawo inali 7 sikuti onse shuga wawo ankakhala pa 154. Wina ankakhala cha m'ma 123, wina mpaka 185. Chachiwiri, ofufuzawo sanalowetsemo anthu ochepa magazi, amayi oyembekezera, odwala impso kapena amene anawonjezeredwa magazi posachedwa, chifukwa ankadziwa kuti mwa anthu oterewa masamuwo sayenda bwino. Mukayang'ana mzere wa kiliniki ya shuga kuno, anthu oterewa sasowa.

Kwa achemwali, gwero loyamba linali nthawi yoyezera, ndipo pamenepa ndikufuna kuchedwapo chifukwa pafupifupi tonse tinaphunzitsidwa chimodzimodzi. Ku kiliniki amatiuza kubwera osadya kanthu. Munthu amalawirira pa kabaza, amakhala pamzere ndi njala, amamuyeza, amalemba nambala m'buku la kuchipatala. Ndiye akagula kamakina kake amachitanso zomwezo kunyumba, poganiza kuti shuga amayezedwa m'mawa basi. Masitiripi nawo ndi odula, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, botolo limodzi linasanduka chinthu choti banja likhalirane pansi. Palibe amene angawononge sitiripi masana pamene "nthawi yake" ndi m'mawa. Koma shuga wa m'mawa ndi wa munthu amene wagona usiku wonse osadya, atamwa mapiritsi madzulo. Himogulobini ija imakumana ndi shuga wa maola onse 24, kuphatikizapo wa pambuyo pa nsima ya masana ndi ya madzulo, ndipo maola a pambuyo pa chakudya ndi ochuluka pa tsiku kuposa mmene timaganizira.

Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma ukadali chimanga, ndipo mitanda itatu ya mgaiwa imakweza shuga ndithu. Chimodzimodzi chinangwa chophika, mbatata, makaka athu aja ngakhale tiwadyere nandolo, ndi thobwa, limene ambiri saliwerengera poti ndi "chakumwa chachikuda". Achemwali analinso ndi chizolowezi chimene wogulitsa zipatso aliyense ali nacho: nthochi zikapsa kwambiri moti kasitomala sangagule, sankazitaya. Ankadya ziwiri zitatu akudikira magalimoto. Sankabisa. Ankadya anthu akuona, chifukwa palibe anawauzapo kuti nthochi yakupsa kwambiri imakweza shuga. Iwo anauzidwa za shuga wa m'paketi, Sobo ndi masiwiti, ndipo zimenezo anazisunga mokhulupirika.

Namwino wina wa kutchalitchi kwathu anatipatsa nzeru yosafuna ndalama zowonjezera. Anati masitiripi akhale omwewo pa sabata, koma azisinthasintha nthawi: lero m'mawa asanadye, tsiku lina patatha maola awiri chiyambireni kudya nsima ya masana, tsiku lina pambuyo pa chakudya chamadzulo, mwa apo ndi apo pogona. Ndipo pambali pa nambala azilemba chimene adya ndi kuchuluka kwake. Pambuyo pa chakudya shuga amayenera kukhala pansi pa 180. Wa achemwali anatuluka 243 masana ena, 226 usiku wina. Manambala a m'mawa anali oona onse. Kungoti shuga ankakwera nthawi imene kamakina kali m'chikwama.

Kuyezera kumsika kunationetsanso mmene kamakinako kangasocheretsere munthu. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pa kreti, nkhope itagwa, kamakina kakuonetsa 338. Anali atangomaliza kusendera kasitomala chinanazi, n'kupukuta manja pa chitenje. Mayi wogulitsa tomato pafupi nawo anatithirira madzi a m'chigubu, achemwali anasamba m'manja ndi sopo, anaumitsa bwinobwino, n'kubaya chala china. Kanatuluka 231. Madzi a chipatso otsalira pakhungu, ngakhale osaoneka ndi maso, amasakanikirana ndi kadontho kaja, ndipo kadonthoko n'kochepa kwambiri moti shuga pang'ono wapakhungu amasokoneza zonse. Chala chonyowa chimachita mosiyana, chimasukulutsa magazi nambala n'kutsika. Kufinya chala mwamphamvu pofuna kuti magazi atuluke kungathenso kusokoneza.

Ngakhale zonse zitachitidwa molondola, kamakina ka m'manja kali ndi malire ake. Muyezo wa padziko lonse wa 2013 umalola kuti shuga akakhala 100 kapena kuposa, kamakina kaphonye ndi 15 peresenti kumtunda kapena kumunsi. Shuga weniweni wa 200 akhoza kuoneka 170 kapena 230, kamakina kali kabwinobwino. N'chifukwa chake kubaya kawiri motsatizana sikupereka nambala imodzi, ndipo si chifukwa chotayira kamakinako. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno ndi chinyontho. Mulanje ndi limodzi mwa madera olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo chiperoni chikagwa ngakhale zovala za m'sutikesi zimanunkha nkhungu. Masitiripi amaonongeka ndi chinyontho komanso kutentha. Botolo lawo lili ndi zoumitsa mkati, ndipo liyenera kutsekedwa nthawi yomweyo mukangotulutsa imodzi. Ndaonapo anthu akugawana masitiripi m'kapepala ka pulasitiki, ena akusunga botolo pawindo pomwe dzuwa limawomba, ena akugwiritsa ntchito otha nthawi chifukwa anaperekedwa ndi wachibale ndipo kutaya kukuwawa. Njira yosavuta yodziwira ngati kamakina kanu kakunena zoona ndi kupita nako ku kiliniki n'kudziyeza nthawi yomweyo pamene akukuyezani.

Komabe manambala atsopanowo sanakwanire kufotokoza 9.1. Munthu amene m'mawa ali pa 120, n'kumakwera kufika m'ma 230 akadya, n'kutsikanso, shuga wake wa tsiku lonse safika 214. Chotsalacho anachipeza dokotala wina, wachinyamata, amene asanatsegule n'komwe buku anawapempha achemwali kuti aonetse zikhato, n'kuwatsitsa chikope. Munali moyera. Anafunsa za kumwezi, ndipo achemwali, mwamanyazi, ananena kuti kwa nthawi yaitali akhala akutaya magazi ambiri masiku ochuluka, koma ankaona ngati ndi msinkhu. Kutopa ndi chizungulire ankaziika pa shuga. Atayeza magazi, himogulobini inali 8.4, pamene mayi wosayembekezera amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Magazi anachepa chifukwa chosowa ayironi.

Kuchepa magazi kwa mtundu umenewu kumakweza HbA1c shuga asanasinthe. Thupi likasowa ayironi limachedwa kupanga maselo atsopano, ndiye m'magazi mumachuluka maselo akale amene akhala nthawi yaitali akumatidwa ndi shuga. Munthu akayamba kumwa mapiritsi owonjezera magazi, maselo atsopano amabwera ambiri ndipo HbA1c imatsika yokha. Kusowa kwa vitamini B12 kumachitanso zofanana, ndipo metformin akamwedwa zaka zambiri amatha kuchepetsa vitamini ameneyu m'thupi. Nkhani imeneyi si ya anthu ochepa ayi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno ali ndi magazi ochepa. Njoka za m'mimba zimene zimalowera kumapazi tikamalima osavala nsapato, likodzo la m'mitsinje ndi m'madambo, kubereka pafupipafupi, zonsezi zimatha ayironi pang'onopang'ono.

Achemwali analandira chithandizo cha vuto la kumwezi lija ndi mapiritsi a ayironi. Nsima anachepetsa n'kuchulukitsa ndiwo zamasamba ndi nandolo, nthochi zakupsa anayamba kupatsa ana a pamsika. Atayezetsanso patapita miyezi, HbA1c inali 7.6. Alamu anapepesa, ndipo sindikufuna muwaone ngati munthu woipa. Ndi iwo amene amakatenga mankhwala achemwali akatanganidwa. Anaona mnansi wathu akudulidwa mwendo chifukwa cha bala la shuga, ndipo funso la mu minibasi lija linachokera m'mantha amenewo. Koma linatsala pang'ono kuwasiyitsa achemwali kudziyeza, ndipo akanasiya, kuchepa magazi kuja kukanapitirira mpaka kuwagwetsa.

Kusemphana kwa mbali inayo n'koopsa kwambiri, chifukwa kumabwera ngati uthenga wabwino. Amalume athu, amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi ndipo amakhala chakufupi ndi Limbuli, akhala pa ma ARV zaka zambiri, shuga anawapeza naye pambuyo pake. Dzinja lina anadwala malungo aakulu, anagonekedwa, magazi anatsika kwambiri mpaka anawawonjezera. Atachira, mwana wawo anabwera kuchokera ku Johannesburg n'kuwatengera ku tauni kukayezetsa zonse. HbA1c inatuluka 6.2. Kunyumba kunali chisangalalo. Ena anati shuga watha, ena anati mapemphero ayankhidwa. Amalume anayambiranso tiyi wa shuga ndi mandasi, mapiritsi n'kumamwa akakumbukira.

Titapita kukawaona, azakhali ananditengera kuseri kwa nyumba n'kundionetsa chitini chimene amalume amagwiritsa ntchito usiku. Nyerere zinali zitachizungulira. Anati bambowa akudzuka kosawerengeka usiku, chigubu cha madzi akugona nacho pambali, ndipo akudandaula dzanzi kumapazi ndi kuona ngati kuli chifunga. Ndinawafunsa amalume ngati akumadziyeza.

"Ndikumayeza, mphwanga. Kakumangoti 13, mwina 14. Anzanga ku kiliniki amawapeza ndi ma 200, ine 13 yokha."

Kamakina kawo kanachokera ku South Africa, kumene shuga amawerengedwa mu mmol/L, pamene ku kiliniki yawo amalemba mu mg/dL. Kuti musinthe, mumachulukitsa ndi 18. Ndiye 13.5 ya amalume inali 243. Chisokonezo chimenechi chili m'nyumba zambiri kuno, poti timakina tambiri timabwera ndi ana athu a ku Joni. Ena amaona 7 pa kamakina kotere n'kuganiza kuti ndi 7 yemweyo wa HbA1c, pamene HbA1c ya 7 imafanana ndi 8.6 pa kamakinako. Ma labu ena amalembanso HbA1c mwa njira yachitatu, mmol/mol, mmene 7 peresenti imakhala 53 ndipo 6.5 imakhala 48. Yang'anani timalemba tating'ono tili pambali pa nambala musanasangalale kapena kuda nkhawa.

Nanga 6.2 ija inachokera kuti, shuga ali pamwamba chonchi? Ganizirani mwaye wa kudenga la khitchini ya udzu. Kuchuluka kwake kumatiuza mmene moto wakhala ukusonkhedwera, koma pokhapokha ngati udzuwo wakhalapo nthawi yaitali. Mukafolera udzu watsopano, denga limaoneka loyera ngakhale utsi ukufuka tsiku lililonse. Malungo amaswa maselo ofiira asanafike masiku awo 120, thupi n'kupanga atsopano amene sanakhalitse mu shuga. Magazi owonjezeredwa aja anachokera kwa munthu wina, ndipo himogulobini yake inabwera ndi mbiri ya mwini wakeyo. Labu inayeza molondola magazi amene inapatsidwa, koma mbali yaikulu ya magaziwo inali isanakhale m'thupi la amalume nthawi yokwanira. Aliyense amene wawonjezeredwa magazi kapena wataya magazi ambiri mwadzidzidzi, pa ngozi, pa opaleshoni kapena pobereka, HbA1c yake siyenera kudaliridwa mpaka patapita miyezi itatu kapena kuyandikira apo.

Ma ARV nawo ali ndi mbali yawo, ndipo kuno sitingailambalale, poti Mulanje ndi Thyolo ali m'gulu la maboma amene HIV inafala kwambiri, ndipo anthu ambiri tsopano akukalamba ali pa mankhwala, shuga ndi BP n'kumawapeza. Ofufuza aona kangapo kuti mwa anthu ena amene akumwa ma ARV, HbA1c imaonetsa nambala yotsikirapo kuposa shuga weniweni. Bungwe la American Diabetes Association limatchula HIV pamodzi ndi sickle cell (matenda a chibadwa opinda maselo ofiira), mimba ya miyezi yakumapeto, kutsukidwa magazi kwa odwala impso, kuwonjezeredwa magazi ndi vuto la G6PD, n'kunena kuti pamenepo munthu apezedwe ndi shuga poyeza shuga weniweni wa m'magazi, osati HbA1c. Palibe amene akunena kuti munthu asiye ma ARV. Chofunika n'chakuti woyang'ana pepala la HbA1c adziwe kuti munthuyo akumwa chiyani, ndipo apa pali vuto lathu lakale lakuti ena amabisa buku la ku ART akapita ku kiliniki ya shuga.

G6PD ndi dzina limene ambiri sitinalimvepo, koma lili m'magazi mwathu. Vuto la G6PD ndi chibadwa chimene chimachititsa maselo ofiira kufa msanga, chimapezeka kwambiri mwa amuna a m'madera a malungo, ndipo ambiri amene ali nacho sadwala n'komwe. Kafukufuku wa majini amene anatuluka mu 2017 anapeza kuti mwa amuna akuda amene ali ndi chibadwa chimenechi, HbA1c imatsika ndi pafupifupi 0.8. Tanthauzo lake n'lakuti bambo amene nambala yake yoona ikanakhala 7.2 akhoza kupatsidwa pepala la 6.4 n'kuuzidwa kuti alibe shuga. Onyamula chibadwa cha sickle cell nawo nambala yawo imatha kusokonekera, malingana ndi makina amene labuyo ikugwiritsa ntchito. Ofufuza a bungwe lofufuza za matenda la MEIRU, amene amagwira ntchito ku Karonga ndi ku Lilongwe, anayerekeza HbA1c ndi shuga wa m'mawa mwa Amalawi, ndipo zimene anasindikiza mu 2018 zinaonetsa kuti mayeso awiriwa sagwirizana mwa anthu onse.

Pali kusemphana kwinanso kumene sikuchokera m'magazi kapena m'kamakina. HbA1c imasakaniza shuga wokwera ndi wotsika n'kutulutsa nambala imodzi yapakati. Mayi amene shuga wake amayenda pakati pa 120 ndi 180 ndi bambo amene amagwa kufika 50 m'mawa n'kukwera kufika 280 madzulo akhoza onse kutuluka ndi 7. Wachiwiriyo moyo wake uli pachiswe. Glibenclamide amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapita ndipo anthu akulawirira kumunda m'mimba muli pululu, kugwa kwa shuga kumachitika. Kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yoopsa, kuyankhula zosokonekera ngati munthu waledzera: kamakina kakaonetsa pansi pa 70, munthuyo apatsidwe madzi a shuga nthawi yomweyo, kenako adye chakudya, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku kiliniki ngakhale pepala la HbA1c likuoneka lokongola. Kwa okalamba ndi odwala impso, madokotala amalola HbA1c kukhala cha m'ma 8 pofuna kupewa kugwa kumeneku.

Kumayiko olemera kusemphana kotere amakuthetsa ndi kachipangizo komata pamkono, monga FreeStyle Libre, kamene kamayeza shuga usana ndi usiku kwa masiku 14. Palinso mayeso a fructosamine, amene sadalira maselo ofiira ndipo amaonetsa za masabata awiri kapena atatu. Kwa wogulitsa zinanazi pa Chitakale zonsezi zili kutali. Chimene tili nacho ndi kope, masitiripi ochepa ogawidwa mwanzeru, ndi mafunso. Ndikanakonda kuti dokotala aliyense akaona pepala ndi kope zikukangana, asanakayikire wodwala afunse kaye kuti mumayeza nthawi yanji, mwadwalapo malungo posachedwa, anakuwonjezerani magazi, kumwezi mukuyenda bwanji, mukumwa mankhwala ena ati. Ndikanakondanso kuti paliponse pamene alemba HbA1c m'buku la kuchipatala, pambali pake pazikhala nambala ya himogulobini, poti kuyeza kuchuluka kwa magazi kumatheka m'zipatala zambiri kuposa HbA1c yeniyeniyo. Ndikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo dokotala amakhala mmodzi. Ndiye ife operekeza odwala tizinena zinthuzi tokha tisanafunsidwe, titanyamula kamakina, botolo la masitiripi ndi mabuku onse a kuchipatala. Kuwonjezera kapena kuchepetsa mapiritsi patokha chifukwa cha nambala imodzi, kaya ya pepala kaya ya kamakina, ndiye ayi. Achemwali akanawonjezeredwa glibenclamide potsatira 9.1 yokha, shuga wawo wa m'mawa, amene anali kale cha m'ma 120, akanatha kugwa usiku ali mtulo.

Amalume tinabwerera nawo ku kiliniki tili ndi manambala a sabata yathunthu, titawasintha kukhala mg/dL, ndi kalata yosonyeza tsiku limene anawonjezeredwa magazi. Dokotala anaika pepala la 6.2 pambali, anawayeza shuga wa m'mawa n'kupeza 258, ndipo patapita nthawi mapiritsi atalephera kumutsitsa anawayambitsa jakisoni wa insulin. Ludzu linatha, usiku akugona. Dzanzi la kumapazi silinathe, moti azakhali amawayang'ana kuphazi ndi pakati pa zala madzulo alionse ngati pali bala, ndipo kumunda sapitanso opanda nsapato. Anawalembera kalata yokaonetsa maso ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, ndipo HbA1c adzayezanso miyezi ya malungo ikadutsa.